A Orest Anadikira Tibowo

Kwathu kuno ku Saskatchewan, dziko la chipale chofewa ndi minda ya tirigu, mlimi akadwala nthawi yokolola sitifunsa. Timangotulukira m'mawa ndi makombaini athu, zimakina zokololera, kumweta tirigu wake yense, akazi n'kubweretsa khofi ndi mapirogi, timikate ta mbatata m'kati, kumunda. Amene ankatimemeza kwa zaka zambiri anali a Orest Hnatiuk, bambo wamtali, wa mawu ngati thalakitala. Kuthandiza anzawo ankakukonda, koma kuthandizidwa ankakuona ngati kuvulidwa pagulu.

Chaka china anataya madzi kuseri kwa nkhokwe chipale chofewa chisanasungunuke, ndipo pansi poyerapo panafiira. Anakwirira ndi nsapato, osauza munthu. Akazi awo, a Marlys, anadzaona madontho a magazi pochapa zovala, n'kuwakokera kuchipatala tirigu atayamba kale kucha.

Dokotala anapeza khansa mu impso yakumanzere ndi m'kanjira kotsitsa mkodzo. Anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba, kung'amba kuchokera m'nthiti mpaka pamimba n'kuchotsa zonse. Imeneyo ikanatheka msangamsanga, koma munthu amakhala nthawi yaitali osanyamula ngakhale chidebe. Yachiwiri, kuboola tibowo ting'onoting'ono n'kulowetsa kamera ndi tizitsulo. Munthu amachira msanga, koma wodziwa ntchitoyo anali kumzinda, ndipo mzere wa odwala ake unkafika nyengo yozizira, kukolola kutatha.

Pobwerera kuchipatalako ndine ndinkayendetsa galimoto.

"Ndidikira tibowo," anatero a Orest. "Sindine nkhumba ine kuti anditumbule."

"Bambo, adokotala ati chinthucho sichidikira," anatero a Marlys ali kumbuyo.

"Tirigunso sadikira, mayi."

"Achimwene, tiriguyo tikukololerani ife," ndinatero. "Inu mwakololera anthu angati?"

"Iwe Delbert? Iwe wosiya mizere ngati wometa woledzera? M'munda mwanga usapondemo. Ukawauzenso anzako."

Zinandikwiyitsa kwambiri, chifukwa tonse atatu tinkadziwa kuti nkhani sinali kukula kwa bala. Tibowoto tinangowapatsa pobisala. A Marlys anayang'ana pawindo mpaka kufika kunyumba.

A Orest anakolola okha, atatsamiritsa pilo m'nthiti, akumeza mapiritsi ngati mtedza. Ife tinkawaona tili m'minda yathu, kombaini yawo ikuima pakati pa mzere, iwo n'kutsika atagwira chiuno. Palibe anapitako, poti tinali titaletsedwa. Tirigu yense analowa m'nkhokwe, ndipo kusitolo ankadzitama kuti sanapemphe munthu.

Zengerezu adalinda kwaukwau. Tsiku lawo litakwana, dokotala wakumzinda anawajambulanso n'kupukusa mutu. Chotupa chinali chitakula n'kugwira ziwalo zoyandikana, moti za tibowo zinali zosathekanso. Anawang'amba ndithu, bala lalitali kuposa lomwe ankalithawa lija. Impso anachotsa, koma khansa inali itafika kale m'mapapo.

Chaka chotsatira a Marlys anadzala mothandizidwa ndi mlongo wawo. Tirigu atacha, sitinafunse. Makombaini analowa m'mundamo motsatizana, fumbi koboo, akazi akuyala chakudya kumbuyo kwa magalimoto. A Orest tinawanyamula n'kuwakhazika m'galimoto m'mphepete mwa munda, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Chimunthu chija chinali chitatsala mafupa okhaokha.

Masana ndinawapititsira khofi. Sanathe kugwira kapu, ndinawamwetsa.

"Wasiya mzere uko," anatero, mawu akutuluka ngati mpweya chabe.

"Ndibwererako, achimwene."

Anayang'ana makombaini aja kwa nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Mukanabwera chaka chatha," anatero.

"Munatiletsa inu nomwe."

"Ndi angati anandiletsapo, ine n'kuwakololerabe? Onse amaletsa, Delbert. Kodi ndinakuphunzitsani kufunsa?"

Ndinabwerera kukamweta mzere uja, ndipo a Orest tinawaika m'manda chipale chisanagwe.