Noti ya m'bale

Lolemba lapitali a Lufeyo, ophunzitsa kwaya ya tchalitchi chathu ku Chipoka, anandipeza ku ofesi pa boma atapinda pepala m'thumba la malaya. Anamva kuti kompyuta yathu yatsopano imalemba manoti a nyimbo ngati a m'buku.

"Achimwene, mundilembereko iyi. Tikuimba Loweruka pa ukwati wa mwana wa akulu anga."

Akulu awowo, a Gerevazio, sanalankhulane nawo chiyambire cha mavoti. Wina anavala nsalu ya chipani ichi, wina ya chipani icho, moni n'kuthera pomwepo. Nyimboyo inali njira ya a Lufeyo yopepesera popanda kugwada pagulu. Mzere woyamba unkati: "Bwera m'bale, tikhale pamodzi."

Kulemba mawu pansi pa manoti kuli ndi mwambo wake. Umadula liwu m'zidutswa, ndipo ukangodina kamzere, makinawo amadumphira pa noti yotsatira: bwe-ra, ti-kha-le. Ine, katswiri wa masabata atatu, ndinathamanga nazo. Kachizindikiro kaja kokhala pamwamba pa m mu liwu loti m'bale ndinakaona ngati chitosi cha ntchentche, ndiye ndinangolemba mba-le. Noti imodzi inatsala yopanda mawu. Ndinaganiza kuti a Lufeyo anawerenga molakwa, ndipo ndinaifufuta osafunsa munthu.

Lachinayi ndinapita nawo ndekha mapepalawo kumene kwaya inkakonzekera, chifuwa chili patsogolo. Kwaya itangoyamba, amayi oimba alto anagwa nako kuseka.

"Aphunzitsi," anatero mayi Nachisale akupukuta misozi, "mbale tikuitanayi ndi ya usipa kapena ya chambo?"

A Lufeyo sanaseke. Anandiyang'ana ngati ndawaphera nkhuku yoikira.

"Noti yanga ili kuti? M'bale ndi manoti atatu, achimwene: m', ba, le. Mukachotsa yoyambayo mwatsala ndi chodyera. Akulu anga akamva zimenezi adzati ndikuwanena kuti amakonda kudya, ndiye kwatha!"

Manyazi anandigwira, ndisaname. Lachisanu m'mawa ndinabwezera notiyo, n'kulemba m' payekha, kachizindikiro kake ndi kamzere kake. Makinawo sanatsutse. Ankangodikira munthu wodziwa Chichewa.

Koma kodi ndine ndekha wofufuta manoti? Chibwerere zipani zambiri, ambiri tachita zomwezo kwa anthu athu. Msuweni amene sanavote ngati ife timamukumbukira tikamva kuti wakolola mpunga ku Chinguluwe, kapena ukonde wake wapha. Tikadya, timamutsuka n'kumuvundikira pa thandala mpaka njala ina. Pamaliro timalalikira bwino ndithu kuti chibale ndi fupa sichiwola, koma pamsika tikaona malaya a mtundu winawo timatembenukira ku tomato.

Loweruka kwaya inaimba bwino, m' uja akumveka ngati kung'ung'udza kwa mayi wotonthoza mwana. A Gerevazio anakhala kutsogolo, nkhope ili gwa. Potuluka anaima pamaso pa mng'ono wawo.

"Iwe Lufeyo, nyimbo ija umaimbira ine?"

"Eya, akulu."

"Ndiye waimiranji apo? Tiye ukanyamule mabenchi, alendo akudikira."

Sindinaonepo munthu akusenza benchi mosangalala chotero.

Nanga inu, uja munasiya kumupatsa moni chifukwa cha nsalu, mukudikira ukwati wa yani?