Nsomba Yotsala ya Nyundo

Kumalo ophwanyira magalimoto otha ntchito, onse amamutcha Nyundo. Zala zake ziwiri zinapindikira pachibwano cha munthu, osati pachitsulo. Mkazi wake anachoka tsiku lomwe iye anathyola chitseko ndi phewa. Mwana wawo wamkazi ankabwerabe Loweruka lililonse kudzaona nsomba zake zisanu zofiira m'kathanki kagalasi ka malita makumi awiri.

"Mukazipha zonse, adadi, musadzandionenso," anamuuza choncho.

Nyundo ankakhulupirira kuti chachikulu ndicho chabwino. Anagula sefa ya siponji yoyeretsera madzi, yoyenera thanki ya malita zana, ndi pampu yake yamphamvu. Madzi ankabwadamuka ngati akuwira, nsomba n'kumamenyeka pagalasi. Lamlungu lililonse ankachapa siponjiyo ndi sopo ndi madzi otentha. Sabata ina nsomba zinayamba kufa, ndipo pofika Lachinayi inali itatsala imodzi.

Masana anatulukira m'sitolo ya nsomba, sefa ili m'manja.

"Munandigulitsa chophera inu!"

"Ndinakuuzani kuti ndi yaikulu, achimwene," anatero mayi wogulitsa. "Munati zazing'ono n'za ana."

Nyundo anaponya sefayo. Thanki yapashelefu inasweka, madzi ndi magalasi zili mbwee, tinsomba tikuphiriphitha pasimenti. Mwamuna wa mayiyo anatuluka kuseri n'kumufwafwantha ndi mpando kumsana. Nyundo anatembenuka, nkhonya yake inatera pamphuno pa mwamunayo. Anagwirana pakhosi, naterereka, nagwera pamagalasi paja.

Mayiyo anawakhuthulira ndowa ya madzi.

"Mphanani panja! Mukundipondera nsomba. Tolani, nonse awiri."

Anatola. Nyundo ankanyamula kansomba kalikonse ndi manja awiri, magazi akuyenderera pachigongono.

"Siponji mumaichapa ndi chiyani?" anafunsa mayiyo.

"Sopo."

"Ngati kabudula? Mu siponji mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya zonyansa za nsomba. Sopoyo amatipha, madzi n'kusanduka poizoni. Muzingoifinya m'madzi omwe mwatunga m'thankimo, basi."

Nyundo anakhala pansi pamadzipo. "Ndiye ndazipha ndine."

"Zatsala zingati?"

"Imodzi. Ndi ya mwana wanga."

Mayiyo anaviika dzanja m'thanki ina n'kuzula kasefa kosaposa kapu ya tiyi, siponji yake yabulawuni, yoterera. Anakaika m'pepala lapulasitiki muli madzi.

"Aka n'ka malita makumi atatu, kakukwanirani. Kagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi, tizilombo tili kale. Mupanikize kapaipi ka mpweya kuti thovu lizituluka pang'onopang'ono. Musinthe theka la madzi, muthiremo ogona tsiku lathunthu m'ndowa. Koma muyambe mwasesa magalasiwa."

"Ukumupatsanso?" anadandaula mwamuna uja, atagwira mphuno.

"Ndikuipatsa nsomba yotsalayo, osati iyeyu. Iwe kasambe."

Nyundo anasesa mpaka pakhomo.

Loweruka mwana anafika, naima pathanki nthawi yaitali. Nsomba inkasambira mwakachetechete pafupi ndi kasefa kakudako.

"Zinayi zili kuti?"

Nyundo anabisa mkono wamabandeji kumbuyo, kenako anautulutsa.

"Ndinazipha ndine, mwanawe. Ndi sopo."

Mwanayo sanamuyang'ane. Anatsegula kabotolo ka chakudya n'kuwaza timbewu titatu pamadzi.

"Musamaipatse zambiri," anatero. "Loweruka ndidzaiona ngati yanenepa."