Fungo la m'kapu ya tiyi

Loweruka lija, nditanyamula kapu ya amuna anga, bambo a Tadala, kuti nditsuke, mphuno inandiuza kuti munalibe tiyi. Munali vinyo wofiira, m'mawamawa. Chonsecho anali atalonjeza ana athu kuti apita nawo pa galimoto ku Speedway, kumene kumachitikira mipikisano ya magalimoto.

Kununkhiza kumeneku ndinaphunzira kalekale ndili mtsikana kwa a Mbewe, nkhalamba yoyandikana nafe ku South Bend ku America, azakhali atangonditenga kumudzi kuti ndizilera ana awo. A Mbewewo anagwirako ntchito m'mahotela ku Spain. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la nyama ya nkhosa ikupsa ndi adyo, chisanu chikuwomba mawindo, iwo akuzunguza tambula ya vinyo pang'onopang'ono ngati akutonthoza khanda. Kulawa sankandilola.

"Iwe n'kamwana, gwiritsa mphuno basi," ankatero. "Mphesa ndi imodzi, Tempranillo, koma dothi ndi losiyana. Uyu wa ku Rioja ndi wofatsa, wagona mumgolo, ukumva thabwa? Wa ku Ribera ndi wakuda, wakulira kozizira usiku. Koma wa ku Toro, mayo! Dzuwa la kumeneko limamupatsa ukali. Ameneyu sumupatsa moni m'mimba muli gwa."

Tsiku lina kwa a Mbewe kunabwera mlendo wovala tayi, n'kugugudiza wa ku Toro ngati thobwa, kenako n'kuimirira kuti akayendetse galimoto. A Mbewe anakokera mpando pakhomo, n'kukhalapo.

"Achimwene, nyama ija sinathe. Khalani pansi."

"Madala, mukundiyesa mwana?"

"Ayi. Ana ndi amene ali mumsewumo."

Mlendoyo anatukwana, koma anagona pa sofa mpaka kunacha.

Ine si a Mbewe. Ndilibe mawu awo, ngakhale thupi lotseka khomo. Koma fungo la m'kapu lija ndinalidziwa: lolemera, lakuda, la kotentha kuja, ndipo bambowo anali asanadye kanthu.

Ndinamva madzi akutuluka ku bafa, bambowo akusamba. Ndinathamangira panja wopanda jekete, n'kumasula mipando iwiri ya ana m'galimoto, poti popanda iyo sakanawakweza. Lamba wina anakana, ndinathyoka chikhadabo. Mipandoyo ndinaikokera kwa mayi ena a kutchalitchi kwathu, nyumba yachitatu kuno ku Beech Grove komwe tikukhala tsopano, n'kubwerera kudzatenga Tadala ndi mlongo wake.

"Mami, are we going?" anafunsa Tadala.

"Valani nsapato, fulumirani."

Bambo awo anatulukira pakhomo makiyi ali m'manja, n'kusuzumira kumbuyo m'galimoto, mipando ya ana ija mulibe. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine sindinasiye manja a ana.