Mwala wa Phada

Madamu amene ndinkawagwirira ntchito ku Claremont, m'dziko la eni, ankatola miyala ngati mwana. Akachokera kunyanja matumba a jekete ankakhala olemera, ndipo wovutika nayo ndinali ine wochapa. Mumtima ndinkangoti anthu akakhuta sasowa chochita. Kenaka ndinaona kuti miyalayo ankaiveka siliva m'galaja, n'kumagulitsa mphete ndi manekilesi.

Loweruka ndikaweruka ndinalibe kopita. Kuchipinda kwanga kunali bedi, ketulo ndi foni yosalira. Ndiye ndinkangozengereza pakhomo la galaja, tsache lili m'manja, mpaka tsiku lina madamu anandikokera mpando.

Anandiphunzitsa kudula kalamba kopyapyala ka siliva, kukazunguliza pamwala poyeza, kuchotsa mwalawo, kuwotcherera ndi moto wa gasi, n'kusalaza ndi tupa. Mwala umalowa pomaliza, ankatero, chifukwa ukalawa moto umasweka. Ukaulowetsa umapindira m'mphepete mwa siliva pang'onopang'ono, mbali ino kenaka mbali inayo, mpaka mwala utagwira. Ndinasungunula siliva wawo kangapo, ndinapsa zala, ndinatukwana m'Chichewa iwo osamva. Kucheza sitinkacheza, Chizungu changa chinkathera pa moni.

Ine ndinali ndi mwala wangawanga. Tsiku lonyamuka ku Balaka, mwana wanga wamkazi ndinamusiya ndi achemwali anga asanayambe n'komwe sukulu. Mwanayo anandifumbatitsa mwala wake wa phada, uja woponya m'mwamba, wotuwa, wobulungira, umene ankagona nawo. Anati ndimusungire, tidzasewere ndikabwera. Ndinamulonjeza Khirisimasi. Makhirisimasi anadutsa, mapepala anga osalongosoka, ndipo pafoni tinayamba kuyankhulana ngati anthu okumana m'minibasi: sukulu bwanji, bwino, wadya, eya. Ndinkachita mantha kuti mwanayu ndamutaya ali moyo.

Manja atazolowera, ndinapempha siliva kwa madamu kuti ndiveke mwalawo. Iwo anafuna kuupukuta ndi makina kuti uwale, ine ndinakana mwaukali mpaka anandiyang'ana kawiri. Kuterera kwake kunachokera m'timanja ta mwana wanga, ndipo makina akanachotsa zonsezo. Popinda m'mphepete ndinkachita kugwira mpweya.

Ndinaukoleka patcheni, ndinaukulunga m'sokosi, n'kuuika m'nsapato zimene ndinamugulira mwanayo. Ndinakapereka ku Bellville kwa anyamata onyamula katundu wopita kumudzi. Sindinamuuze chilichonse. Ndinkati akangouona adziwa yekha.

Mwana wanga anaimba foni Lamlungu lina masana, pavidiyo, atauvala m'khosi. Anali atatalika, namwali ndithu. Anayamba wathokoza nsapato, ndi ulemu uja timapereka kwa alendo. Kenaka ananyamula mwalawo ndi zala ziwiri.

"Tchenichi n'chokongola, amayi. Koma bwanji anaikapo mwala wamba? Kumeneko kulibe yonyezimira ija?"

Ndinamufunsa ngati akuukumbuka. Anauyang'ana, anautembenuza, n'kuseka mwamanyazi, nati ayi. Anafunsa ngati ungachoke kuti azivala tcheni chokha. Zinandipweteka kwambiri, koma nanga ndikanamukalipira chiyani? Wolonjeza Khirisimasi ndinali ine.

Ndinamuuza kuti uchoka, angomasula pokolera paja. Anamasula ndikuona, nauika pawindo.

"Koma usautaye," ndinatero. "Undisungire."

Anavomera, achemwali anamuitana panja, foni inaduka. Ndinakhala pabedi, dzanja lili m'thumba la juzi momwe mwalawo unkakhala zaka zonsezi.