Khadi la Abambo Lopanda Manambala

Ndikukumbukira tsiku lake ndi ola lomwe. Linali Lamulungu la Kanjedza, itangodutsa 12 koloko masana, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinali titangotuluka kumene m'mapemphero ku Pretoria North, mu holo ya sukulu imene Amalawife tinkabwereka. Akuluakulu anali pakhomo, akupatsana moni ndi kufunsana za kumudzi. Anafe tinali kuseri, titakhala pa simenti yotentha, makadi ali mbwee pakati pathu.

Nthawi imeneyo ana a kusukulu kwathu ankasinthana makadi a osewera mpira, ogula m'sitolo, onyezimira. Khadi lililonse linali ndi chithunzi cha munthu, ndipo pansi pake panali manambala atatu: mphamvu, liwiro ndi luso. Wa nambala yaikulu ndiye ankadya mnzake. Ife okhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba za mabwana sankatigulira zoterezi, ndiye ndinayamba kupanga anga. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo ankandibweretsera makatoni a konifulekisi amene madamu awo ankataya. Ndinkawadula ndi sizasi n'kumajambula ndi bolopeni kumbali yotuwa ija. Osewera mpira sindinkawadziwa, choncho ndinkajambula anthu a kutchalitchi kwathu. Mayi otsogolera kwaya ndinawapatsa luso teni. Abusa ndinawapatsa mphamvu eyiti, n'kuwonjezera teni ina ya kutalikitsa ulaliki. Makadi angawo anatchuka moti ana ankathamangira kuseri pemphero lomaliza lisanathe bwino.

Sabata imeneyo ndinali nditajambula Abambo anga. Iwo ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Garsfontein. Ngolo inawagwera ali mnyamata ku Ntcheu, mwendo wamanja n'kupola mokhota, choncho ankayenda motsimphina. Ndinawajambula ndi chipewa chawo ndi mwendo umodzi waufupi. Mphamvu ndinawapatsa atatu, luso awiri, liwiro ziro. Sindinkafuna kuwachita chipongwe. Ndinkaona ngati ndikungolemba zoona.

Mnzanga Flora, amene anali ndi pakamwa kuposa tonse, anali ndi khadi la Abusa, ndipo ndinkafuna kuti tisinthane.

"Eish, Esinati, ndikupatse Abusa, iwe undipatse mdala wakoyu?" anatero. "Liwiro ziro? Ngakhale nkhono ingamudye ameneyu. Ukaike pansi pa mwendo wa tebulo lisamagwedere."

Analiponya m'mwamba. Linakagwa pafupi ndi nsapato zakuda zimene ndinkazidziwa bwino, imodzi yodyeka kumbali. Abambo anali atabwera kudzandiitana kuti tizikakwera takisi. Anawerama pang'onopang'ono, n'kulitola, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ndi ine?"

"Inde, Abambo."

"Chipewa wachitha. Koma liwiro ziro, mwana wanga? Ndiye ku Joni kuno ndinafika bwanji kuchokera ku Ntcheu?"

Ana ena anaseka, koma iwo sanaseke. Anaika khadi lija m'thumba la jekete, ndipo tinanyamuka. Amayi atamva anandikalipira kuti ndachititsa manyazi bambo anga pamaso pa ana. Sabata yonse ndinkadikira mkwapulo, koma sunabwere. Kusaitchulanso nkhaniyo kwa Abambo kunandipweteka kwambiri, moti ndinkalakalaka akanangondikwapula kuti nkhani ithe. Lachisanu tikudya anangoti, "Mawa udzuke msanga. Tipita limodzi kuntchito."

Tinakwera matakisi awiri, kusinthira m'tauni. Titatsika ku Garsfontein tinayenda wapansi, ine patsogolo, n'kumawadikira pa kona iliyonse. Pabwalo la abwana awo pankanunkhira kapinga wonyowa. Sanandipatse tsache kapena wilibala monga ndinkaganizira. Ananditengera kuseri kumene kunali mtengo wa mandimu. M'chikwama anatulutsa kampeni kokulungidwa m'kansalu, timizere ta mphira todula ku chubu cha njinga, ndi tinthambi ta nachesi tokulungidwa m'nyuzipepala yonyowa.

"Uku timati kumezanitsa," anatero. "Gwira apa, ndipo usagwedeze."

Anacheka khungwa la ndimu pang'ono kwambiri, ngati munthu wochotsa minga paphazi la mwana. Anasema kanthambi ka nachesi, kukalowetsa pochekapo, n'kumanga ndi mphira mwakachetechete. Manja anga anatopa asanamalize nthambi imodzi. Kenako anandipatsa mpeni kuti ndiyese pa nthambi yotayidwa. Ndinacheka kamodzi n'kamodzi, khungwa lonse n'kung'ambika.

"Waona? Liwiro lako teni lapha nthambi."

Apa ndiye anaseka, ine n'kupeza mpumulo. Anandionetsa mtengo wina pakona umene anaumezanitsa zaka zam'mbuyo. Mbali ina unali ndi mandimu, mbali ina manachesi, thunthu limodzi. Ndinauzungulira kawiri kufunafuna pamene panali chinyengo. Tili pomwepo, mzungu wina wachikulire wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda n'kuitana Abambo mwaulemu kuti Meneer Mbewe, kufunsa kuti mitengo yake idzafikiridwa liti. Abambo anamuyankha kuti adikire sabata ziwiri, chifukwa ena a mumsewu womwewo anali patsogolo pake. Sindinkadziwa kuti pali anthu amene amadikira Abambo anga.

Masana tinakhala pamthunzi ndi buledi ndi tiyi wa m'botolo. M'pamene anatulutsa khadi lija.

"Manambala akowa sindikuwakana," anatero. "Kuthamanga sinditha. Koma mafunso atatuwa anabwera ndi makadi a anthu a mpira. Iwe wangowatenga n'kundiyeza nawo. Ukanayamba wafunsa kuti, Abambo, inu mumatha chiyani?"

Anandibwezera. "Ukonze."

Ndinalitembenuza kuti ndilembe kumbuyo, koma kunali zithunzi za konifulekisi, malo panalibe. Ndinalonjeza kuti ndipanga lina labwino. Sindinapange. Poyamba ndinkachita manyazi, kenako Amayi anayamba kudwaladwala, ine n'kusiya sukulu kuti ndiziwagwirira ntchito yawo. Za makadi zinathera pomwepo. Abambo sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi, koma ine sindinaiwale.

Abambo anamwalira chaka chatha m'nyengo yozizira, atadwala masiku ochepa. Thupi tinaliperekeza kwathu ku Ntcheu. Chaka chitayandikira kukwana, a kutchalitchi anakonza zoti tidzawakumbukire kuno, chifukwa anzawo ambiri sanathe kupita kumaliro. Ndinkafuna kuti aliyense adzapite ndi kanthu m'manja. Flora, amene tsopano amagwira ntchito mu ofesi m'tauni, anandiuza za webusaiti ina imene anthu okonda makadi amapangirapo awoawo. Umaika chithunzi, kusankha mtundu wa m'mphepete, kenako n'kukasindikiza.

"Paja iwe unali katswiri wa makatoni," anatero. "Ino ndiye nthawi yako."

Tinakumana pa nthawi yake ya nkhomaliro, n'kukhala pa benchi pafupi ndi pokwerera matakisi. Tinaika chithunzi cha Abambo ataima pambali pa mtengo wa mandimu, chipewa chili kumutu. Chinakhala bwino moti ndinayamba kulengeza misozi. Koma titafuna kupitirira, foni inakana. Timabokosi titatu tinafiira: mphamvu yomenyera, mphamvu yodzitetezera, liwiro. Popanda kuikamo manambala, khadi silikanatheka.

"Ingoika teni ponseponse," anatero Flora. "Ndi bambo ako, ndani akutsutse?"

"Ayi. Ziro anawapweteka, koma teni ndi bodza. Iwowo sankakonda bodza."

"Ndiye titani, sisi? Nthawi yanga ikutha."

Pansi pa tsambalo panali malo oti anthu azilembapo maganizo awo a zimene webusaitiyo ingawonjezere. Flora anandiwerengera ena. Wina ankafuna m'mphepete mwa golide, wina ankafuna kuti chithunzi chizinyezimira ukapendeketsa foni. Ndinamuuza kuti nafenso tilembe. Chizungu cholemba sindichitha, choncho ine ndinkalankhula, iye n'kumalemba.

Ndinati alole munthu kuchotsa manambalawo ngati sakuwafuna, kapena kulembapo yekha chimene akufuna kunena za munthuyo. Ndinafotokoza kuti langa ndi la bambo anga amene anamwalira, ndipo sankamenya munthu. Ndinapemphanso kuti kumbuyo kwa khadi kuzikhala malo olembapo mizere ingapo, komanso kuti pakhale njira yobisira khadi kuti alendo a pa webusaitiyo asamalipatse nyenyezi zoliyamikira ngati la mpikisano. Pomaliza ndinati webusaitiyo izifunsa kaye kuti, kodi mwini chithunzichi mwamupempha?

Flora anaika foni pamwendo n'kuseka. "Iwe, anthu awa amapanga makadi a zinjoka zolavula moto. Akapemphe chinjoka?"

"Ena amaika anthu. Lemba basi."

"Ndikulemba chifukwa ndine amene ndinaponya khadi lija tili ana," anatero, ndipo sanasekenso.

Masiku anadutsa popanda yankho lenileni. Flora ankanditumizira zimene anthu ena ankalemba pansi pa maganizo anga. Bambo wina anati khadi lopanda manambala si khadi, ndipite ndikapange kalendala. Mawu amenewo anandikhala pamtima tsiku lonse ndikusita zovala za abwana. Koma mayi wina analemba kuti nayenso wakhala akufuna kupangira aphunzitsi anzake opuma pantchito, ndipo manambala ankamulepheretsa. Ena angapo anavomereza.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti tsiku lokumbukira Abambo lifike, Flora anandiimbira ndili pantchito. Woyendetsa webusaitiyo anali atayankha. Anati manambala tsopano akhoza kuchotsedwa n'kulembapo mawu, ndipo khadi likhoza kubisika. Za kumbuyo anati zimufuna nthawi. Za kupempha mwini chithunzi anati sangathe kulondera aliyense. Sindinadandaule. Chimene ndinkachifuna kwambiri chinali chitatheka.

Tsiku lomwelo nditaweruka ndinakumana ndi Flora m'tauni. Pamalo pa manambala paja ndinalemba ndekha, ndi chala changa, mizere itatu: Ankamezanitsa mitengo. Sankathamanga. Nthambi zawo zinkagwira. Tinakasindikiza pa shopu ina pa pepala lolimba.

Pa tsiku lowakumbukira ndinaima pakhomo la holo n'kumapatsa aliyense wotuluka. Anzawo a m'magadeni ankawerenga, kugwedeza mutu, n'kuika m'thumba la malaya. Bambo wina amene sindinkamudziwa anandigwira dzanja nthawi yaitali. Anati atangofika ku Joni analibe luso lililonse, ndipo a Mbewe ndi amene anamuphunzitsa kugwira mpeni, moti mpaka lero akudya chifukwa cha iwo. Mayi wina amene amuna awo anamwalira chaka chomwecho anandifunsa ngati ndingawapangire lawo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ukalemba zoona sungalakwire munthu. Tsopano ndikudziwa kuti ukhoza kuyankha moona funso limene silinali lake, munthu n'kumusiya wamanyazi. Abambo sanaone khadi lawo lokonzedwa, ndipo zimenezi zimandiwawabe. Komabe linatheka, ndipo lili m'matumba a anthu amene ankawadziwa.

Panopa ndimagwira ntchito ya m'nyumba masiku asanu ku Garsfontein. Loweruka ndimayendera mabanja a kutchalitchi amene aferedwa kuno, kukhala nawo pansi, kumva za munthu wawo, kenako n'kuwapangira khadi lake.