Gemu Imene Ankolo Anasiya Ikuyaka

Agogo akandibwerera m'maganizo, fungo loyamba kundipeza si la utsi, ngakhale kuti ankagulitsa makala pakhomo pathu ku Ndirande. Ndimamva fungo la pulasitiki yotentha, la adaputala yakuda imene inkakhala kuseri kwa kabati, litasakanikirana ndi la mankhwala opaka miyendo yawo yotupa ndiponso la mtedza umene ankakazinga pa mbaula m'mawa, anthu akutsika chigulugulu kulowera kumafakitale a ku Makata. Ndimawaona atakhala pa kampando kawo kafupi, chivundikiro cha poto chili m'manja, akukupiza mwakhama. Sankakupiza moto. Ankakupiza adaputala ija, yopatsira magetsi kamakina ka gemu.

Kamakinako anabwera nako ankolo a Fanuwelo, mlongo wawo wa amayi anga komanso chitsirizira cha agogo. Anabwera kuchokera ku Joni chaka chotsatira chija tinavotera zipani zambiri. Anzawo ankabwerako ndi njinga, mabulangete kapena wailesi yaikulu, koma iwo anatsika basi atanyamula kativi kakang'ono ndi katoni imodzi. Nthawi imeneyo dziko lathu linalibe nyumba youlutsira kanema, ndiye anthu a mumzere mwathu anaseka mpaka kugwira nthiti, amvekere Fanuwelo wagula galasi loonera timadontho. Magetsi nawo tinkachita kupempha. Waya umodzi unkachokera kwa Che Jafali, neba wathu wokonza mawailesi, n'kudutsa pamwamba pa mpanda wa malata mpaka kudzalowa pa windo la pabalaza pathu.

M'katonimo munali kamakina kotuwa, zogwirira ziwiri za mabatani ndi kaseti yachikasu. Ankolo ankati gemu yeniyeni anaipanga anthu a ku Japan, koma yawoyi inali yokopera, yogula m'mbali mwa msewu. Pamwamba pa kasetiyo analemba kuti muli magemu ochuluka zedi, koma tikalowamo tinkapeza omwe aja ochepa atangowasintha mtundu. Imodzi yokha ndi imene inatitenga mtima, ya kamunthu kovala nyale pachipumi ndi thumba kumsana. Poyamba pankatuluka zilembo zimene ngakhale aphunzitsi athu sakanaziwerenga, ndipo ankolo ankazimasulira mmene awukira tsikulo. Lolemba ankati kamunthuko kakufunafuna mwana wake wobedwa, Lachitatu kakupita kukasaka ntchito, Loweruka kakuthawa apongozi. Ine ndinali mtsikana wa Sitandade 4 ndipo ndinkakhulupirira zonse zitatu, moti mpaka lero sindidziwa kuti ulendowo unali wa chiyani.

Gemu inkayambira pa kanyumba ka chitseko chobiriwira, pansi pa mtengo. Kuchoka apo kamunthu kankathamangira kudzanja lamanja. Batani lina linali lolumphira, lina loponyera miyala ya m'thumba muja. Kutsogolo kunali maenje, nkhanu zoyenda chammbali, mileme yogwa kuchokera kudenga ndi matabwa amene ankamira ukachedwapo. Ukatha nkhalango unkalowa m'phanga, kenako mtsinje, kenako fakitale ya malamba oyenda okha imene ankolo ankaitcha kuti Makata. Pamwamba pa sikirini panali wotchi yobwerera chammbuyo, ndipo ikatha kamunthu kankafa ngakhale kasanakhudze kanthu. Chowawa kwambiri chinali chakuti gemuyo sinkasunga pamene wafika. Ukazimitsa, kapena mipata yako ikatha, unkayambiranso pa kanyumba paja.

Agogo zimenezi zinawaimitsa mutu. Tsiku loyamba, ataona kamunthu katagwa m'dzenje kenako n'kutulukiranso kali bwinobwino, anaphimba nkhope ndi nsalu.

"Iwe Fanuwelo, kafa kapena sikanafe?"

"Kafa, amayi, koma katsala ndi malayifu awiri."

"Kufa popanda maliro? Za ufiti izi, zitulutse m'nyumba mwanga."

Sanazitulutse. Patapita masabata, agogo omwewo ankasiya makala panja osayang'anira n'kudzaima pakhomo, manja ali bii, akukuwa kuti, "Lumpha, wopusa iwe, nkhanu iyo!" Koma mafunso sanathe. Ankafuna kudziwa ngati kamunthuko kamadya, chimene kanalakwira mileme, ndi chifukwa chake kamanyamula miyala m'malo mwa kamba. Funso limene linkabwera kawirikawiri linali la kanyumba kaja.

"Nanga kwawo kabwerera liti?"

"Sikabwerera, amayi. Onani." Ankolo anakayendetsa kumanzere, ndipo katafika m'mphepete mwa sikirini kanangoponda malo amodzi, miyendo ikuyenda koma osasuntha. "Zimene wadutsa zadutsa. Gemu iyi ndi ya folowadi basi."

Agogo anapukusa mutu kwa nthawi yaitali. "Amene anakapanga alibe amake," anatero, n'kubwerera ku makala awo.

Ine sindinkamvetsa chifukwa chake ankolo, munthu wamkulu wa ndevu, ankakhala pakhomo tsiku lonse. Ankatsokomola. Lamba wawo anamuboola bowo lina ndi msomali, kenako linanso. Ndikalowa m'nyumba amayi ndi agogo ankadula nkhani n'kuyamba kukamba za mtengo wa sopo. Ankolo anasiya kukhala pampando, ankasewera atagona chammbali pamphasa, pilo atamupinda pawiri. Anandiphunzitsa kulumpha mochedwa, phazi litatsala pang'ono kuchoka pa thabwa, ndipo ine ndinkafika pamtsinje n'kumira. Iwo tsiku lililonse ankapitirirako pang'ono.

Masana ena a dzuwa loswa mtengo anadutsa fakitale ija koyamba. Kutsogolo kunatulukira nsanja yaitali ya makwerero, ndipo anaikwera thukuta lili kamukamu, ine ndikulumpha kumbuyo kwawo ngati ndine ndili m'gemumo. Pamwamba penipeni panali dzenje limodzi lalikulu, ndipo kutsidya kwake kunali chitseko chowala. Anali atatsala ndi mpata umodzi wokha. Pamenepo chifuwa chinawagwira koopsa, anadina batani loimitsa, kanyimbo kanaduka, kamunthu kanauma pamene kanali. Atachotsa kansalu kukamwa, amayi anakaona kali ndi magazi n'kuthamangira kwa Che Jafali kukapempha kuti atipezere galimoto.

Akuwanyamula, ankolo anagwira nsalu ya agogo.

"Amayi, musazimitse. Ndafika ku lasiti. Ndikabwera ndidzamaliza."

"Pita ukachire, mwanawe. Kamunthu kako ndikusungira."

Amayi anga ndi amene anakakhala nawo kuchipatala chachikulu, chifukwa miyendo ya agogo sinkawalola kukwera minibasi. Agogo anatsala ndi ine, makala, ndi mawu aja. Anaitenga ntchitoyo ngati ya kumunda. Anatiletsa ana tonse kuyandikira kabati, ndipo posesa ankanyamula waya ndi zala ziwiri n'kudutsitsa tsache pansi pake pang'onopang'ono. Tivi anaifunditsa nsalu ya chipani imene anapatsidwa pamsonkhano wina, ngakhale sankadziwa kuti ndi chipani chiti, ndipo m'mawa uliwonse ankaivundukula pakona kuti aone ngati kamunthu kadakalipo.

Adaputala inayamba kutentha mpaka kununkha. Che Jafali atamva fungolo anabwera ndi sikuludilaiva yawo m'thumba la malaya.

"Mayi, ichi chikaphulika tipsa tonse mzere uno. Chabwino, kamakinaka kasiyeni, koma tivi yokhayo zimitsani. Gemu ikhalabe mommo."

"Ndikazimitsa galasi kakhala kuti?"

"Mu kamakinamu."

"Mukamakina mulibe windo, Che Jafali. Ndikadziwa bwanji kuti kali moyo?"

Che Jafali anayesa kufotokoza za mawaya, anajambula pansi ndi chala, koma pomaliza nawonso anakanda m'mutu. Anangotenga njerwa ziwiri n'kukhazikapo adaputalayo kuti mphepo izidutsa pansi, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya kulumikiza chitsulo chawo chowotcherera mawaya popanda kukuwa kaye pa mpanda kuti, "Mayi, ndikuyatsa, musadabwe!" Apa ndi pamene agogo anayamba zokupiza zija.

Ine mutu unali utasokonezeka. Palibe ankandiuza za ankolo, koma aliyense ankayenda monyang'ama pafupi ndi kabati. Tsiku lina kukugwa mvula, babu la pabalaza linafooka mpaka kufiira, agogo anakuwa dzina la Yesu, kenako linawalanso. Ndinawafunsa ngati gemu ikazima ankolo nawonso azima. Anandiyang'ana, anatsegula pakamwa, ndipo m'malo moyankha anandituma kukagula machesi, chonsecho machesi anali pa windo. Ndinapita ndikulira njira yonse, chifukwa ndinaona kuti nawonso sakudziwa.

Magetsi a ku Ndirande, amene ankathima ngakhale mphepo ikangotsokomola, nthawi imeneyo sanathime. Koma m'mawa wina amayi anatulukira pangodya ya msewu atasenza bulangete la ankolo, kontena ya phala ili m'manja yosatsegula. Sanafike n'komwe pakhomo, amayi a mumzere anali atawazungulira kale. Anyamata anathyola nthambi n'kukaika pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Azibambo anayamba kutulutsa mipando ndi tebulo pabalaza, monga timachitira, kuti ayale mphasa za amayi odzakhuza.

Agogo sanalire, ndipo izi zinatiopsa tonse kuposa kulira. Anakaima kutsogolo kwa kabati, nsana ataupereka kwa tivi.

"Amayi," anatero amayi anga, "Fanuwelo watisiya. Lolani anthu achotse katundu."

"Ndamva. Koma anati ndisazimitse."

Azibambo anayang'anana, wina anavula chipewa n'kuchivalanso. Panja nyimbo ya maliro inali itayamba kale. Che Jafali anayandikira n'kulankhula motsitsa, akuloza ine.

"Mayi, bwanji mwanayu amalizitse? Esinta amatha. Akangolowa pachitsekopo, tizimitsa mwaulemu."

Ine ndinkadziwa kuti sindingathe, poti ngakhale mtsinje sindinkawoloka. Koma agogo anakana. Anachotsa nsalu ya chipani ija, anakhala pa kampando kawo n'kutambasula dzanja.

"Anasiyira ine. Bweretsa chogwiriracho kuno. Iwe Esinta, kanyumba kaja kali mbali iti?"

Ndinaloza kumanzere. Anaika chala chawo chakuda ndi makala pa batani limene ndinawasonyeza, ine n'kudina lomasula. Kanyimbo kanayambira pamene kanadukira, m'nyumba ya maliro, ndipo palibe anakumbukira kutsitsa voliyumu. Kamunthu kanafulatira chitseko chowala chija, kanathamangira kumanzere, kanafika m'mphepete mwa sikirini n'kuyamba kuponda malo amodzi.

"Agogo, chitseko chili uko! Sikabwerera, ankolo ananena!"

"Khala chete. Katopa aka."

Anakanikizabe batanilo osalisiya. Wotchi ya pamwamba inkatsika, kanyimbo kanayamba kuthamanga monga kankachitira nthawi ikatsala pang'ono, ndipo timiyendo tija tinkangoyenda osapita kulikonse. Ine ndinkalira, osadziwa ngati ndikulirira ankolo kapena chitseko. Kenako wotchi inatha. Kamunthu kanagwa, sikirini inada, panatuluka zilembo zija zosawerengeka.

Patapita kamphindi kuwala kunabwerera. Panali mtengo, panali kanyumba ka chitseko chobiriwira, ndipo kamunthu kanaima pakhomo pake, nyale pachipumi, thumba kumsana. Gemu inali itayambiranso poyamba, monga inkachitira nthawi zonse mipata ikatha. Ine ndinkadziwa kuti taluza. Che Jafali nawonso ankadziwa.

Agogo anasendeza nkhope pafupi ndi galasi n'kuyang'anitsitsa.

"Kafika," anatero.

Anawerama okha kuseri kwa kabati, anazula adaputala yotentha ija ndi dzanja lopanda kansalu, ndipo tivi itangoti zii anagwa pansi n'kulira dzina la mwana wawo ndi mawu amene sindinawamvepo chiyambire. Pamenepo ndi pamene azibambo ananyamula kabati.

Kamakina kaja sitinakayatsenso. Adaputala inali itapindika mbali imodzi, ndipo agogo anaisunga m'chitini cha mabatani a malaya mpaka tsiku limene nawonso anatisiya. Pano chitinicho chili kwa ine ku Machinjiri. Ndakula, ndikudziwa tsopano matenda amene akuluakulu ankadulira nkhani aja, ndikudziwanso kuti m'kamakina munalibe munthu. Koma ngati agogo anapambana kapena analuza m'mawa umene uja, nzeru zanga zimathera pomwepo. Ndipo mpaka lero, munthu akasiya wailesi kapena nyale ikuyaka n'kutuluka, dzanja langa limakana kuzimitsa.

Mwezi wathawu mwana wanga wamwamuna, nditamufotokozera za kamunthu ka thumba, anaipeza gemuyo pa foni yake. Anati alipo anthu amene anaijambula yonse mpaka kumapeto, ndipo akhoza kundionetsa chimene chili kuseri kwa chitseko chowala chija. Anandipatsa foni chala chake chili kale pa batani. Ndinaibweza.

"Siya," ndinamuuza. "Ankolo anati adzamaliza okha."