Mbale ya Bambo M'kabudula

Fungo la makatoni onyowa limandibwezabe ku Mua, pakhonde la nyumba ya anamwino, dzinja limene ndinali mu Sitandade 6. Mvula inkagwa pafupifupi masana alionse, ife titazungulira katoni lomwe tinalisandutsa tebulo. Gervazio, mwana wa anamwinowo, anali ndi madayisi ndi buku lothothoka chikuto lomwe achimwene ake anabwera nalo kuchokera kutauni. Iye ankasimba nkhani, ife tinali ankhondo ake a papepala, ndipo dayisi ndi imene inkagamula ngati lupanga la mdani lakulasa kapena lakuphonya.

M'bukumo munali zithunzi za ankhondo akale a ku Ulaya. Gervazio, yemwe ankakonda kuphunzitsa anthu asanamufunse, anatiuza kuti chitsulo sankachivala pakhungu. Ankayamba ndi malaya ochindikala osokerera thonje, kuti mphamvu ya chibonga ithere momwemo. Pamwamba pake ankavala malaya a timphete tachitsulo tolukanalukana, kenako chapachifuwa cholimba. M'masewera athu, wovala zitatu zonsezi sankalasidwa chisawawa. Ndinaziloweza kuposa katekisimu.

Tsiku lina masewera anatikomera, mpaka tinajomba ntchito yopalira m'munda wa sukulu. Tsoka lake, mphunzitsi wa kalasi yathu anali bambo anga. Kunyumba anali munthu wa mawu ochepa, wokonda wailesi yawo, koma m'kalasi ndinkawatchula kuti aphunzitsi ngati wina aliyense. Pofuna kuti pasapezeke wonena kuti amakondera, ndodo yawo inkalemera kwambiri ikafika pa ine. Madzulo ake anangonena akutsuka njinga kuti ojomba onse aonana nawo mawa. Ndinachita mantha kwambiri.

Ana ambiri ankavala makabudula awiri tsiku lokwapulidwa, koma ine ndinadziona wophunzira kuposa pamenepo. M'mawa ndinatenga duku la amayi lopitira kutchalitchi, ndinalipinda n'kuliika pakhungu. Pamwamba pake ndinaika chidutswa cha thumba la mpunga wa ku Bwanje, poti nalonso ndi lolukanalukana. Chinatsala ndi chitsulo. Pathandala panali mbale ya bambo, yoyera ya mkombero wobiriwira, imene wina aliyense sankadyeramo. Ndinaiponya m'kabudula, ndinamanga lamba, ndipo ndinanyamuka ndikuyenda ngati bakha. Thumba lija linkayabwa, thukuta likutsikira m'miyendo, koma mumtima ndinali ngwazi.

M'kalasi munkanunkha choko ndi mayunifolomu osauma bwino. Gervazio analandira zake, nabwerera akudzisisita. Itafika nthawi yanga ndinagwira desiki n'kuwerama. Ndodo inatsika, ndipo m'malo mwa phwa! munamveka ngwee! ngati belu la nthawi yopuma. Kalasi yonse inaphulika ndi phwete. Atsikana ankagwirana mapewa, ena misozi ili mbwembwembwe.

"Tulutsa," anatero bambo.

Ndinatulutsa mbale ija, itapindika pakati. Anaiyang'ana, ndipo ndinaona kuti aizindikira. Anatambasulanso dzanja, ndinawapatsa thumba. Dzanja silinabwerere. Pamene duku la amayi linkatuluka m'kabudula mwanga, lonyowa ndi thukuta, pamaso pa ana amene ankaliona Lamlungu lililonse pamutu pawo, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Wina kumbuyo anakuwa kuti "Chambale!" ndipo dzinalo linandikakamira mpaka ndinachoka pasukulupo.

Bambo sanaseke, sanakalipenso. Anayala zinthu zitatuzo patebulo lawo, mwa dongosolo lomwe ndinazivalira, n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Zonsezi wavalira ine?" anafunsa motsitsa mawu, moti anamva ndi a kutsogolo okha.

Kenako anaika ndodo pakona, nauza otsala pamzere kuti akakhale pansi. Anzanga aja anandithokoza panja kuti ndawapulumutsa, uku akundisekabe. Ine ndinkangodikira kuti mlandu ukathera kunyumba, koma kunyumbako sikunachitike kanthu. Amayi anachapa duku lawo kawiri osandiyang'ana. Zimenezi zinandiwawa kuposa ndodo.

Pakhonde la anamwino sindinapitekonso dzinja limenelo. Ndikamva madayisi akugubuduka pakatoni ndinkalambalala, kudzera kuseri kwa mitengo ya mango, chifukwa Gervazio anali atalemba kale wankhondo watsopano wotchedwa Chambale, wosalasika kumbuyo kokha. Ngakhale lero ndikakumana ndi wa m'kalasi imeneyo pa Mtakataka, ndimayamba ndamuyang'ana pakamwa ndisanamupatse moni.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti manyazi a tsikulo anali anga ndekha, ndi kuti bambo anandileka chifukwa ndinali nditalangika kale ndi kuseka kwa anzanga. Ndinkadabwa chabe kuti sanagule mbale ina, ngakhale amayi anawauza kangapo. Anapitiriza kudyera m'mbale yopindikayo, msuzi ukuthawira mbali imodzi, mpaka ukalamba wawo. Ndinadzazimvetsa tsiku lina nditakula, mwana wanga atabisa nkhope m'manja, ine nditangokweza dzanja kuti ndifikire chipewa pamsomali. Munthu savala zankhondo popita kwa bambo ake. Pa anthu awiri amene tinaima kutsogolo kwa kalasi ija, wovulidwa kwenikweni sanali ine.